Vidiyo kolo pa tabuleti: mmene ndinawakonzera amayi kuti aziona ana awo ali kutali

Achimwene anga amene ali ku Joni anatumiza tabuleti kuti amayi azitha kuona adzukulu awo, awiri anabadwira komweko ndipo anganga awo anali asanawaoneko nkhope ikuyenda, zithunzi zokha basi. Tabuletiyo inafika bwinobwino ku Jali m'boma la Zomba komwe amayi amakhala koma inatha miyezi iwiri ili mu sutikesi yokulungidwa mu chitenje, ati chinthu chodula ichi ndingachiononge. Zinandikhudza kwambiri chifukwa munthu wakhetsa thukuta kunja kuja kuti mayi ake azimuona, chinthu chafika, koma chikungogona. Nde ndinanyamuka ku Matawale Loweruka lina kukachikonza, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ndathandizako mabanja ena angapo a kutchalitchi. Ndikulemba apa zonse mmene ndimachitira kuti inunso mukawakonzere makolo anu, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti ntchitoyi siyithera poika WhatsApp ayi, imatha pokhapokha mwini wakeyo akayankha kolo yekha inu mulibe.

Choyamba, dziwani kaye tabuleti muli nayoyo ndi yamtundu wanji

Musanagule bandulo kapena layini, itembenuzeni muione m'mbali. Matabuleti alipo awiri, ena amalowa simu khadi ngati foni, ena ndi a Wi-Fi yokha. Anthu ambiri amapusitsidwa ndi kabowo ka memori khadi, amaona kachitseko m'mbali nkumati apa mpolowa simu, pomwe ayi. Tulutsani katireyi kaja ndi phini muwerenge zomwe zalembedwa, ngati pangolembedwa microSD ndiye kuti simu silowa. Njira ina lowani mu Settings muone ngati pali Mobile network kapena SIM cards, ngati palibe ndiye ya Wi-Fi yokha imeneyo, musataye mtima ikhoza kugwirabe ntchito, ndifotokoza kutsogoloku.

Kenako onani zaka zake. Mu Settings tsikirani pansi pa About tablet muone Android version. WhatsApp inasiya kugwira pa Android yochepera 5.0 mu October 2023, ndipo pa iPad imafuna 15.1 kupita m'mwamba. Matabuleti ena otsika mtengo mumsika amaoneka owala bwino koma mkati ndi akalekale, muyatse muone nokha musanapereke ndalama. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito onetsetsani kuti mwini wake woyamba anachotsamo akaunti yake ya Google kapena ya iCloud, chifukwa ikakhala yokiyidwa mudzavutika nayo, makamaka iPad imangokhala ngati mbale. Ma Amazon Fire amene abale amakonda kutumiza kuchokera ku UK kapena America sabwera ndi Play Store, ma Huawei atsopano a kuyambira cha mu 2020 nawonso alibe zinthu za Google, nde ngati mukuchita kusankha nokha bola Samsung Galaxy Tab, Lenovo kapena itel zomwe zili ndi Play Store kale. Pomaliza tsegulani kamera muitembenuzire kwa inu, mudzione nkhope. Kamera yakutsogoloyo ikakhala yakufa palibe vidiyo kolo.

Chachiwiri, intaneti

Apa mpomwe pagona nkhani yonse kuno ku Zomba. Mzinda wathu uli m'tsinde mwa phiri, malo ena ndi okwera ena ndi zigwa, nde netiweki yomwe ikugwira bwino ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino simungaidalire kuti igwiranso chimodzimodzi kuseri kwa phiri ku Chingale kapena kumunsi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Musagule layini chifukwa choti inuyo mumaikonda. Pitani kunyumba komwe tabuleti izikakhalako ndi mafoni awiri, ina ya Airtel ina ya TNM, ngakhale yobwereka kwa aneba, muyatse data muone chilembo chomwe chikubwera pamwamba pafupi ndi timizere ta netiweki. Mukaona E ndiye kuti vidiyo iwalani, pamenepo ngakhale meseji imapita mokwawa. H kapena H+ ndi 3G, imayesetsa koma chithunzi chimaima ima. Chomwe mukufuna ndi 4G kapena LTE. Yendani nayo foniyo m'nyumba monse, pabalaza, kuchipinda, pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa makoma a njerwa zootcha ndi malata zimatchinga ndithu. Kwa amayi tinapeza kuti pawindo la pabalaza loyang'ana kumsewu ndi pomwe 4G imakhazikika, kuchipinda imagwera pa H, nde tinasuntha kampando ndi katebulo kupita pawindopo, pamenepo mpamene pakhala poimbira mpaka lero.

Ngati tabuleti ndi yolowa simu, gulani layini yakeyake, mutenge chiphaso cha unzika polembetsa, ndipo ine ndimalangiza kuti ilembetsedwe m'dzina la mwini wake weniweni kuti ikatayika asadzavutike kuibwezeretsa. Ikani simu, yatsani Mobile data, tsegulani Chrome muone ngati tsamba likutseguka. Ikakana pomwe bandulo ilimo nthawi zambiri ndi APN, seting'i yolumikiza simu ku intaneti ya kampani yake, yomwe sinalowe yokha, pitani nayo ku shopu ya kampaniyo m'tauni akakuikireni, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Ngati ndi ya Wi-Fi yokha ndiye izidalira foni ina kapena ka MiFi, kachipangizo kolowa simu komwe kamagawa intaneti pa Wi-Fi. Pa foni ya Android lowani Settings, pezani Hotspot and tethering, yatsani Wi-Fi hotspot, ikani pasiwedi yolimba osati 12345678 chifukwa ana a aneba aidziwa tsiku lomwelo. Pa tabuleti yatsani Wi-Fi, sankhani dzina la foniyo, lembani pasiwedi. Koma tamverani apa, tabuleti ikaona Wi-Fi imayesa kuti yafika pa intaneti yaulele yosatha, imayamba kudawuniloda ma apudeti a chilichonse, bandulo ya sabata nkutha kolo isanayimbidwe. Nde musanachite china chilichonse tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pakona, Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe kuti isamachite yokha. Komanso mu Settings ya Wi-Fi yomwe mwalumikizayo muli poti muiuze kuti netiweki iyi ndi metered, kutanthauza yolipira, sankhani pamenepo. Vuto la hotspot ndi loti mwini foni akapita kumsika kapena kumunda, tabuleti yatsala yopanda intaneti ndipo ngakhale wina ayimbe siilira. Ngati ndalama ilipo bola ka MiFi kokhala pakhomo pompo.

Chachitatu, apu yoyimbira

Musadzaze ma apu asanu, munthu wamkulu mumusokoneza. Funsani kaye amene aziyimbayo kuti amagwiritsa chani, ndipo kwa ife Amalawi pafupifupi nthawi zonse yankho ndi WhatsApp. Inayamba vidiyo kolo mu November 2016 ndipo pano imalola anthu mpaka 32 pa kolo imodzi. Itengeni ku Play Store kapena App Store basi. Zija za GB WhatsApp zomwe anyamata amatumizirana pa Bluetooth zisiyeni, nambala imatha kutsekedwa ndipo simudziwa amene anaipanga anaikamo chani.

Pali njira ziwiri zoikira WhatsApp pa tabuleti ndipo kusankha kwake nkofunika kuganiza.

Njira yoyamba ndi yolumikiza ndi foni yomwe ili kale ndi WhatsApp. Mukatsegula pa tabuleti nkudina Agree and continue imakuonetsani ka QR code, kabokosi ka timadontho takuda kaja. Tengani foni, tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu pakona yakumanja, Linked devices, Link a device, lozetsani kamera ya foni pa kabokosiko. Pakangopita kanthawi macheza onse abwera pa tabuleti ndipo kolo ikabwera zonse ziwiri zimalira. Mukhoza kulumikiza zipangizo zinayi pa nambala imodzi. Foni siyifunika kukhala pa intaneti nthawi zonse, koma ikatha masiku 14 osatsegulidwa WhatsApp tabuleti imatulutsidwa yokha muyambirenso. Pa iPad apu yakeyake ya WhatsApp inatuluka mu May 2025 ndipo imalowa mwa njira yomweyi yolumikiza.

Njira yachiwiri ndi yoipatsa tabuleti nambala yakeyake. Pa sikirini ya QR code ija dinani timadontho titatu musankhe kulembetsa akaunti yatsopano, lembani nambala kuyambira ndi +265 osaika ziro woyamba uja, adzatumiza kodi ya manambala 6 pa meseji. Chabwino nchoti simu ya nambalayo siyichita kufunika kukhala mu tabuleti momwemo, ikhoza kukhala mu kafoni ka mabatani ka amayi, kodi ikafika pamenepo inu mungoikopera pa tabuleti.

Ine kwa makolo ndimasankha yachiwiriyi nthawi zonse. Mukalumikiza ndi nambala yanu ndiye kuti mameseji anu onse, magulupu akuntchito, za banki mkhonde, zonse zizioneka pa tabuleti yomwe ili kumudzi yomwe adzukulu akuseweretsa, komanso aliyense woyimbira inu azilizanso kwa amayi. Njira yolumikiza ija ndi yabwino ngati foni ndi tabuleti zonse ndi zanu mukungofuna sikirini yaikulu.

Ma apu ena mwachidule. Messenger ndi yabwino kwa amene ali kale pa Facebook ndipo siifuna nambala. Apu ya imo anthu ena okhala kunja amaikonda. Google Meet ndi Zoom ndi za misonkhano ndi maphunziro, ana a ku Chanco ndi aku Domasi amazidziwa bwino, zaulele zake Zoom imadula pa mphindi 40 ndipo Meet ya gulu imadula pa ola limodzi. FaceTime ndi ya zipangizo za Apple. Ngati wina wakuuzani kuti ikani Skype muuzeni kuti Microsoft inaitseka mu May 2025, anthu anasamutsidwira ku Teams. Ndipo ngati m'bale wanu ali ku Dubai musadabwe WhatsApp kolo ikamakana, dziko la UAE limatchinga makolo a WhatsApp, anthu kumeneko amagwiritsa ntchito Botim nde inunso muike yomweyo.

Chachinayi, zilolezo ndi nthawi

Apu ikafunsa kuti ilole kamera, maikolofoni, manambala ndi ma notification, dinani Allow pa zonse. Wina akadina Deny mwangozi mudzaona kuti mukuyimba koma mnzanu akuona mdima kapena sakukumvani. Pokonza lowani Settings, Apps, WhatsApp, Permissions, muyatse Camera ndi Microphone. Muli pomwepo lowaninso pa Battery ya apuyo musankhe Unrestricted kapena chofanana nacho, chifukwa matabuleti ambiri pofuna kusunga batire amaigoneka apu nde kolo imabwera osalira, mumangopeza missed call madzulo. Onaninso deti ndi nthawi, tabuleti yomwe yakhala nthawi yaitali yothima imatha kubwerera m'mbuyo zaka ndipo WhatsApp imakana kutseguka deti ikalakwika, ikani pa automatic.

Chachisanu, kolo yoyamba ndi kuwaphunzitsa

Sungani manambala a ana onse ndi mayina omwe amayi amawatchulira kunyumba, osati mayina a pa chiphaso. Manambala aku South Africa ayambe ndi +27, aku UK +44. Tsegulani macheza a munthuyo, pamwamba pali kachizindikiro ka kamera, dinani pamenepo, basi yayamba kuitana. Ikamalemba Calling ndiye kuti winayo sali pa intaneti, ikalemba Ringing ndiye kuti kwake ikulira. Kolo ikalowa pansi pamakhala mabatani, lotembenuza kamera kutsogolo ndi kumbuyo, lothimitsa vidiyo, lotseka maiki, ndi lofiira lodulira. Akasowa gwirani sikirini kamodzi abweranso.

Tsopano apa khalani pansi mudekhe, musathamangire minibasi yobwerera. Munthu amene wakhala zaka zonse ndi foni ya mabatani chala chake chinazolowera kukanikiza mwamphamvu ndi kukhalitsa, pomwe sikirini imafuna kungokhudza pang'ono nkuchotsa. Amayi ankati akakanikiza batani lobiriwira kolo osayankhika, nkumati chikundikana. Sichinkawakana ayi, pa tabuleti yawo sikirini ikakhala yokiya batanilo limafuna kulikoka ndi chala kupita m'mwamba osati kungodina, ndipo zala zouma ndi ntchito ya kumunda nthawi zina sikirini siizimva bwino, amachita kupukuta kapena kugwiritsa ntchito mnofu wa chala osati chikhadabo. Tinayeserera kakhumi konse, ine ndili panja pa mpanda ndikuyimba iwo akuyankha m'nyumba, kufikira anayankha katatu motsatizana popanda kundiitana. Musawalande tabuleti m'manja kuti muwaonetse, manja anu akhale kumbuyo muzingonena ndi pakamwa, akalakwitsa ayambirenso okha.

Apeputsireni zinthu. Chotsani tizithunzi ta ma apu onse pa sikirini yoyamba mutsale WhatsApp yokha. Pa Android mukhoza kutulutsa munthu aliyense kuti akhale ndi kachithunzi kake panja, tsegulani macheza ake, timadontho titatu, More, Add shortcut, nde amayi amangodina nkhope ya mwana wawo kenako kamera. Uzani abalewo aike nkhope zawo zenizeni pa profile osati maluwa kapena timu ya mpira. Kulitsani zilembo mu Settings, Display, Font size. Kwezani voliyumu ya ringing mpaka kumapeto. Za pasiwedi yokiyira sikirini ganizani bwino, pateni yovuta iwatsekera kunja eni ake, koma kusiya pululu nakonso adzukulu amaliza data ndi makatuni, ife tinaika PIN ya manambala anayi yomwe iwo anasankha okha.

Chachisanu ndi chimodzi, data

Chinthu choyamba chomwe makolo ayenera kumva bwino ndi ichi, pa vidiyo kolo onse awiri amalipira. Pa foni wamba woyimba ndi amene mayunitsi ake amatha, wolandira salipira kanthu, nde akuluakulu amaganiza kuti poti wayimba ndi wa ku Joni ndiye kwathu kuno ndi zaulele. Ayi, data imadyeka mbali zonse chifukwa tabuleti ikulandira chithunzi chake komanso ikutumiza chanu.

Imadya zingati? Tiyeni tiwerengere. Zoom imanena kuti kolo ya anthu awiri yooneka bwino imafuna liwiro la intaneti la 600 kbps kupita ndi 600 kubwera. Mukagawa ndi 8 kuti ma kbps akhale ma KB ndi 75 KB pa sekondi, pa mphindi ndi 4.5 MB mbali imodzi, mbali zonse ziwiri 9 MB, nde mphindi 30 ndi 270 MB. WhatsApp imasinthasintha malinga ndi mphamvu ya netiweki, ikakhala yofooka imatsitsa kuwala kwa chithunzi nkudya pang'ono, ikakhala yamphamvu imadya zambiri. Nde m'malo mongomva za anthu dziyezereni nokha, mukamaliza kolo pitani pa Calls, dinani dzina la munthuyo, ikuonetsani mphindi zomwe mwayankhula ndi ma MB omwe apita. Chitani zimenezi makolo atatu mudziwa bandulo yoyenera pa mwezi.

Zochepetsera zilipo. Mu WhatsApp lowani Settings, Storage and data, yatsani Use less data for calls. Pomwepo pali Media auto-download, chotsani zonse makamaka mavidiyo, chifukwa akangowalowetsa mu gulupu ya mpingo kapena ya banja mavidiyo aziti mbwee kulowa okha. China chomwe timachita ife, kolo imayamba ndi vidiyo, moni, kuonana nkhope, adzukulu kuvina pang'ono, kenako nkhani zikafika pa za feteleza ndi sukulu fizi timathimitsa kamera nkupitiriza ndi mawu okha omwe amadya pang'ono kwambiri. Pa ma bandulo a WhatsApp okha aja otsika mtengo yesani kaye ndi yaing'ono muone ngati kolo ikudutsa komanso ngati ikugwira kudzera pa hotspot musanagule ya mwezi. Ndipo mu simu ya tabuleti musamasiyemo mayunitsi ambiri ongokhala, bandulo ikatha pakati pa kolo akhoza kuyamba kudyeka. Ine ndimawagulira bandulo ndili konkuno pa Airtel Money kapena Mpamba, ndinalemba deti lake pa kalendala kuti isawathere mwadzidzidzi.

Chachisanu ndi chiwiri, poika tabuleti, kuwala ndi mawu

Tabuleti ndi yolemera kuposa foni, mkono umatopa nde pakapita mphindi zisanu wa kunja uja amangoona denga kapena chibwano. Itsamiritseni pa chinthu, kavala yokhala ndi choimikira ndi yabwino koma ngakhale mabuku kapena chitini cha shuga zimagwira, bola kamera ikhale molingana ndi maso. Onani komwe kuli kamera, matabuleti ena ili kumbali yaifupi ena ili kumbali yaitali, ndipo mukaigoneka cham'mbali anthu atatu anayi amakwana pa mkeka onse kuoneka, apa mpomwe tabuleti imaposera foni. Awonetseni kadontho ka kamerako kuti asamakatseke ndi chala pogwira.

Kuwala kuzichokera kutsogolo kwa nkhope. Akakhala chofulatira windo kapena chitseko winayo amangoona chithunzithunzi chakuda. Usiku ikani nyale ya sola kapena tochi kuseri kwa tabuleti kuti iwalire kumaso. Pukutani kamera ndi kansalu kofewa, fumbi la mwezi wa October ndi mafuta a m'manja zimachititsa chithunzi kuoneka ngati chifunga cha ku Ku Chawe anthu nkumanamizira netiweki. Mvula ikamagwa pa malata, ndipo ya kuno mukuidziwa mmene imagwera, sipika simveka olo pang'ono, nde sungani mahedifoni a waya okhala ndi maiki, otchipa omwewa. A Bluetooth kwa munthu wamkulu ndi chintchito china chotchaja ndi kulumikiza, asiyeni. Wailesi ithimitsidwe nthawi ya kolo.

Moto

Vidiyo kolo imadya batire kwambiri chifukwa sikirini, kamera ndi netiweki zonse zikugwira nthawi imodzi. Batire ya tabuleti ndi yaikulu, mwachitsanzo Galaxy Tab A7 ili ndi 7040 mAh, nde imatenga nthawi kudzadza ndipo katchaja ka foni yaing'ono kamatha tsiku lonse. Gwiritsani tchaja yake yomwe inabwera nayo. Magetsi akangoyaka tchajani pompo osadikira kuti ithe, ndipo pawabanki ya 10000 mAh imathandiza tsiku lomwe athima. Kumene kulibe magetsi ngati mukutumiza kokatchajitsa pa tireding'i ithimitseni kaye kapena ikhale yokiya. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati. Ikatentha kwambiri pa kolo ichotseni padzuwa ndi mu kavala ipume.

Panganani nthawi

Data ikakhala yothimitsa tabuleti siilira, nde panganani tsiku ndi ola. Ife ndi Lamulungu 3 koloko masana akabwera kutchalitchi. Ndi South Africa nthawi ndi imodzimodzi chaka chonse. UK ili m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, miyezi inayo ndi maola awiri. Dubai ili patsogolo ndi maola awiri. Pakakhala zadzidzidzi achimwene amaflasha pa kafoni ka mabatani kawiri, amayi amadziwa kuti ndiyatse tabuleti.

Pofuna kuyimba anthu angapo, yambani ndi mmodzi kenako dinani kachizindikiro ka munthu kokhala ndi + muonjezere ena, kapena pangani gulupu ya ana okhaokha muziyimbira momwemo. Anthu akachuluka data imakweranso ndipo aliyense amene sakuyankhula atseke maiki. Pa chinkhoswe cha mdzukulu wa achemwali tinaimika tabuleti pa mpando kutsogolo amalume ake ali kunja anaonera mwambo wonse mpaka kupereka malangizo, anthu anasangalala. Koma pa maliro chonde funsani kaye eni mbumba ndi akuluakulu a pamudzi musanayambe kuzungulira ndi kamera, ndipo musaloze pa anthu amene akulira m'nyumba ya siwa. Wofedwa ali kutali amafunadi kuona, koma zichitike mwaulemu, munthu mmodzi aime pambali chete ndi mahedifoni.

Zikavuta

Ikalemba Reconnecting kapena chithunzi chikauma, thimitsani kamera mutsale ndi mawu, ikapitiriza dulani, yatsani Airplane mode masekondi khumi nkuithimitsanso, imagwira netiweki mwatsopano. Madzulo anthu akaweruka netiweki imadzadza nde yesani m'mamawa. Mukamamva mawu anu akubwerera ndiye kuti zipangizo ziwiri zili pa kolo imodzi m'chipinda chimodzi kapena sipika yakwera kwambiri, wina atuluke panja kapena avale mahedifoni. Winayo akamati sakukumvani onani kaye batani la maiki, nthawi zambiri lakhudzidwa mwangozi. Akamati akuona khoma ndiye kuti kamera yatembenukira kumbuyo. Apu ikati yatha ntchito ikufuna apudeti, popeza tinathimitsa zochita yokha zija, lowani Play Store muichite ndi manja, ine ndimachita ndikapita kukawaona mwezi ndi mwezi. Zonse zikakanika ithimitseni tabuleti yonse muiyatsenso.

Akuba

Izi musadumphe. WhatsApp imabisa makolo kuti wapakati asamve kapena kuona, koma munthu amene mukuyankhula nayeyo akhoza kujambula sikirini yake, nde nambala yachilendo ikayimba vidiyo asayankhe. Lowani Settings, Privacy, Calls, muyatse Silence unknown callers, manambala osasungidwa saziliranso. Lowaninso Settings, Account, Two-step verification muike PIN ndipo muisunge inuyo. Auzeni makolo mobwereza kuti kodi ya manambala 6 ikabwera pa meseji asauze munthu wina aliyense, ngakhale anene kuti ndi wa ku kampani ya foni kapena wa bungwe logawa thandizo, ndi mmene anthu amaberedwa akaunti kenako wakubayo nkuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lawo. Pa kolo palinso batani logawana sikirini lomwe linabwera mu 2023, limaonetsa winayo zonse zomwe zili pa tabuleti yanu kuphatikizapo mameseji olowa, munthu wosamudziwa akati dinani pamenepo dulani foni. Ndipo m'banja mugwirizane kuti meseji yopempha ndalama mwachangu ikabwera, muyimbe vidiyo kaye muone nkhope musanatumize.

Musananyamuke tengani pepala mulembe ndi zilembo zikuluzikulu m'Chichewa, mujambulenso tizizindikiro take, kuyatsa apa, data apa, nkhope ya mwana, kamera, lobiriwira kuyankha, lofiira kudula. Limateni kumbuyo kwa kavala ndi selotepi. Pezani mwana mmodzi wodalirika wapafupi, wa sekondale amakwana, mumuonetse za Airplane mode ndi Permissions zija ndipo mutenge nambala ya kwawo. Kenako kwerani minibasi, mukafika pa Zomba depoti imbani vidiyo muone ngati ayankha okha. Amayi anayankha kachiwiri, koyamba anali akusamba m'manja, ndipo chomwe ndinayamba kuona chinali denga kenako anaitsamiritsa pa chitini chija nkukhala pa mpando wawo wa pawindo, nkundifunsa ngati ndafika bwino komanso kuti Lamulungu adzukulu aja ayimba nthawi yanji.